Woimba Besi Wopanda Nsapato

Amuna anga, malemu a Okwudiri Erondu, anaimba gitala ya besi zaka zoposa makumi atatu, koma sanakhalepo ndi yawoyawo. Yoyamba inali ya mkulu wina wa asilikali amene anagulira anyamata zida zoimbira nkhondo yapachiweniweni itangotha, kuno mumzinda wa Aba. Yachiwiri inali ya mwini hotela. Yomaliza inali ya mpingo wathu, ndipo imeneyi ankaopa kulandidwa kuposa mmene ankaopera kufa.

Ndinawaona koyamba mu 1976, Loweruka masana, ndikugulitsa malalanje pageti la hotelayo. Masiku amenewo mnyamata aliyense mu Aba ankafuna kuimba chamba cha roko. Nyimbozo sindinkazikonda, ndipo mpaka lero sindizikonda. Koma pakati pa nyimbo ina oimba onse anangoti zii, kunatsala ng'oma yaikulu yokha, ndipo munthu wamtali, wowonda, atatsinzina, anayamba kuyendetsa zala ziwiri pansambo zonenepa zija. Anayambira pansi penipeni n'kumakwera pang'onopang'ono. Kenako anayamba kumenya nsambo ndi chala chachikulu, kwinaku akukoka ina n'kuitaya kuti ilire ngati chikwapu. Mpeni unandiima m'manja lalanje ndisanamalize kusenda.

Titakwatirana anandiuza kuti zonsezo anaphunzira pa mbale za galamafoni zochokera ku Ingalande ndi ku Amereka. Ankaika chala m'mphepete mwa mbale kuti izizungulira pang'onopang'ono, khutu atalitsamiritsa pasipika, mpaka atatola kaimbidwe konse ka besi. Akatswiri a kumeneko ankawatchula ngati abale awo. Uyu amathamangitsa zala zitatu, uyo amaimba ndi kapulasitiki, winayo amaimba ngati akukangana ndi wang'oma. Ine ndinkangovomera.

Gulu lawo linatha mu 1982, mwini hotela atagulitsa zida n'kugula makina oimba matepi. A Okwudiri anapita kumsika wa Ariaria kukaphunzira kusoka nsapato, ndipo ntchito imeneyi ndi imene inalera mwana wathu Uloma ndi ang'ono ake. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi besi sanaikhudze. Ndinkawapeza ataluma ulusi wosokera, mbali ina ataiponda, akuumenya ndi chala. Mpingo wathu utagula zida mu 1988 analowa tchalitchi, ndipo anakoka mnzawo wa m'gulu lakale lija, woimba ng'oma, a Barnabas Ubani. Sindinadzinamize kuti awabweretsa ndi mapemphero anga okha, komabe ndinathokoza Mulungu.

Makutu awo anayamba kutha patapita zaka zingapo. Moyo wawo wonse anali ataima pafupi ndi masipika aakulu, ndipo mizinga ya nkhondo inali itawayamba kale. Anaphunzira kuwerenga milomo ya anthu, moti kumsika ankangoti a Erondu ndi munthu woyang'anitsitsa. Ine anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Chimene sindinkamvetsa n'chakuti kutchalitchi ankaimba osaphonya ngakhale pamodzi. Ndinkati ndi chisomo.

Akamakwera pansanja ya matabwa pamene pankaima oimba, ankavula nsapato. Akulu a mpingo ankawatama kuti ndi munthu wolemekeza malo oyera. A Barnabas okha ndi amene sankawasiya.

"Okwu, ndiwe wosoka nsapato wa mtundu wanji? Aba yense wamuveka, iwe wekha zikang'a pamtunda!"

"Ndikulemekeza nyumba ya Mulungu, mbuzi iwe. Iweyo utavula zakozo, mpingo wonse ungathawire pawindo."

Mu 2006 wamalonda wina wa mumpingo anapereka simenti ndi matailosi kuti nsanja ija, imene chiswe chinali chitaiyamba, igwetsedwe n'kumangidwa yolimba. Amayi tinapatsidwa ntchito yotuta mchenga. Ndinafika kunyumba ndi chimwemwe, ndipo ndinawapeza pakhonde akumata chidendene cha nsapato.

"Mama Uloma, bwerezanso. Yang'ana kuno."

Ndinabwereza. Anaika nsapato ija pansi.

"Ng'oma ya Barnabas sindinaimvepo ndi khutu, chaka chino n'chachisanu ndi chitatu," anatero. "Imadzera m'matabwa, imandilowa kuphazi. Besi yanganso ikatuluka m'sipika imabwerera kwa ine momwemo. Mukathira simenti pamenepo, ndatha."

"Papa Uloma, ndiye tikawauze akulu a mpingo. Akhoza kungosintha matabwa odyedwawo."

"Ukawauze kuti chiyani? Kuti woimba besi wawo ndi gonthi? Mawa lake gitala ili m'kabati, kiyi ali m'thumba mwa abusa."

Kwa akulu a mpingo sindinapite. Loweruka lotsatira ndinasenza mabeseni a mchenga pamodzi ndi anzanga, tikuimba nyimbo zotamanda.

Nsanja yatsopano itauma, a Okwudiri anabwera kokonzekera nyimbo atanyamula thabwa lalitali limene anatola pa zogwetsedwa zija. Mbali ina analilowetsa pansi pa ng'oma yaikulu, mbali ina anapondapo. Ankafunafuna chonamizira kwa mnzawo, koma a Barnabas anawagwira paphewa n'kuwatembenuza kuti awaone pakamwa.

"Usavutike kupeka bodza, Okwu. Ukuganiza kuti zaka zonsezi ndimapondera ng'oma ngati ndikupha njoka chifukwa chiyani? Bondo langali landithera iwe."

Thabwa lija linathandiza milungu iwiri. Koma Lamlungu lodalitsa nsanja, akazi a wamalonda uja analipeza pamatailosi awo oyera m'mawa, n'kulamula kuti likatayidwe kuseri. Anatinso alendo abwera, aliyense wokwera pamenepo avale nsapato. A Okwudiri atafika, mapemphero anali atayamba kale.

Nyimbo yoyamba anakwanitsa kuiimba poyang'ana manja a woimbitsa kwaya, a Ihediwa. Yachiwiri inali ndi gawo lawo loimba okha, limene mpingo unkalikonda kwambiri. Atafika pamenepo anatsinzina monga mwa chizolowezi. Ng'oma inapita uku, besi uko. A Barnabas anayesa kuwatsatira, koma sizinatheke. Kwaya inalowa pakati n'kusokonezeka, amayi ovina anaima miyendo ili m'mwamba, ndipo ana anayamba kuseka. A Ihediwa anakupiza manja kuti onse asiye. Onse anasiya, kupatula amuna anga, amene anapitiriza okha mpaka a Barnabas atawagunda ndi ndodo ya ng'oma.

Lachiwiri abusa anandiitana ndekha. A Ihediwa analiponso.

"Mama Uloma, musatibisire. Makutu a bambo atha, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ife sitikufuna kuwachititsa manyazi," anatero abusa. "Atumikira nthawi yaitali. Gitala tikawalanda, tawapha. Ndiye taganiza zoti aziimabe pamalo pawo. Tingozula kawaya ka kuseri kwa sipika, besi izichokera pakiyibodi. Nsambo azizimvabe zikunjenjemera pamimba pawo, sadzadziwa kanthu."

"Abusa, limeneli si bodza?"

"Ndi chifundo, Mama," anayankha a Ihediwa. "Kapena inu mwakonzeka kukawauza nokha kuti asadzakwerenso pamenepo?"

Sindinali wokonzeka. Ndinavomera.

Zinakhala choncho miyezi isanu ndi iwiri. Mpingo wonse unadziwa, chifukwa aliyense wa makutu ankamva kuti sipika ya a Erondu ili duu. Palibe ananena. A Okwudiri anasiya kutsinzina. Ankaima chammbali, maso ali pa bondo la a Barnabas, ndipo kunyumba ankayeserera pathabwa lojambulidwa mizere inayi mpaka zala kutupa. Lamlungu lililonse tikamabwerera kunyumba, tikafika pamtengo wa mango wa pamphambano, ankaima n'kundiyang'ana pakamwa.

"Lero bwanji?"

"Mwaimba bwino, Papa Uloma."

"Sindinathamange pa nyimbo yachopereka ija?"

"Ayi, munali bwinobwino."

Ndinkanena zimenezi nditangochoka kumene pagome la Ambuye.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndinachimva kwa a Barnabas. Iwo ankakhala pafupi, ankamva nsambo zikugunda pagitala ngakhale sipika inali yozima. Tsiku lina anatsekereza a Ihediwa pakhomo la tchalitchi ine ndili pomwepo.

"Dede, mkulu wanga, bwezerani waya uja. Munthuyu wapeza njira, akutsata bondo langa ngati mthunzi. Zimene akuimba panopa sanaimbepo ngakhale kuhotela."

"Tidzayesa tsiku lina, kukakhala kulibe alendo."

"Alendo ake ati? Mlungu watha kunali ife tokha ndi mbuzi ya alonda!"

"Barnabas, zinthu zili pamtendere. Usadzutse zogona."

Ine ndikanatha kuikapo mawu. Ndinaopa kuti akabwezera wayayo n'kuphonyanso, manyazi achiwiri adzaposa oyamba. Ndinangokonza duku langa n'kudutsa.

Lamlungu la zokolola anthu anabweretsa zilazi, nthochi, mafuta ndi nkhuku, mpaka kutsogolo konse kunadzaza. Mayi wina wokalamba anabwera mochedwa ndi thireyi ya mazira, nyimbo ili mkati. Atasowa poika, anakwera pansanja n'kuisanjika pamwamba pa sipika ya besi, n'kubwerera akuvina. Sanalakwe. Ankadziwa, monga tonsefe, kuti pamenepo mazira sangagwe.

A Okwudiri anayang'ana mazira aja. Anamenya nsambo yaikulu ndi chala chachikulu, mwamphamvu, maso ali pomwepo. Anamenyanso, koma mazirawo sanagwedezeke. Kenako anatambasula dzanja n'kuliika pansalu ya kutsogolo kwa sipika, n'kumenya kachitatu ndi dzanja linalo. Nyimbo inkapitirira, besi ya pakiyibodi ikugunda, anthu akuvina. Anayang'ana mpingo wonse, mzere ndi mzere, mpaka anandipeza. Anavula gitala ija, anaipukuta ndi mpango wawo, anaiimika pamalo pake, n'kutuluka pakhomo la m'mbali.

Ndinawapeza panjira. Sanaime. Anandifunsa akuyenda, atangotembenuza mutu.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Pasaka."

"Barnabas akudziwa?"

"Onse."

"Ndi iwe umene umati ndaimba bwino."

"Papa Uloma, ndimaopa kuti..."

Anatembenuzira nkhope kutsogolo, ndipo mawu anga otsalawo sanawafike.

Anakhala ndi moyo chaka china ndi miyezi inayi. Kutchalitchi sanapondekonso. Abusa anabwera kawiri, a Ihediwa kamodzi, akunena kuti waya abwezera ndipo apala thabwa labwino lopaka vanishi. A Okwudiri ankawapatsa mpando ndi mtedza wa kola monga mwa ulemu, kenako n'kuweramira pa nsapato imene ankasoka. A Barnabas ankabwera Loweruka lililonse n'kumawatukwana mwachikondi, koma ankatukwana munthu woyang'ana pansi. Ine sanandikalipirepo. Chakudya changa ankadya, zovala zimene ndawachapira ankavala. Koma ndikatsegula pakamwa, maso awo ankapita kwina, ndipo m'nyumba mwathu munalibenso njira ina yolankhulirana.

Mwezi umodzi asanagwe ndi matenda amene anawatenga, ndinang'amba pepala m'kope la Uloma n'kulembapo zonse: mantha anga, mchenga uja, zimene a Barnabas ananena za kaimbidwe kawo, ndi pempho loti andikhululukire ndisanakaonekere pamaso pa Mulungu. Ndinaliika pabenchi lawo la ntchito m'mawa n'kupita kukatunga madzi. Pobwera ndinapeza atalisanjika pachikopa, atajambulapo phazi la mwana wa kasitomala, akulidula ndi sizasi motsatira mzerewo. Zidutswa zinali pansi. Ngati anayamba awerenga kapena ayi, sindidziwa, ndipo panalibe mmene ndikanawafunsira.