Masipika Anga Anaitana Maliro

Sabata ino ndinagula masipika awiri ku Mitundu, oti ndizibwereketsa pa maukwati. Wogulitsayo anandichenjeza: “Bambo, atsopanowa musawakweze msanga, ang'ambika. Azilira pansipansi kaye mpaka afewe.”

Nditafika kwathu ku Nathenje ndinawaika pakhonde. Ndinasankha nyimbo za kwaya, zofatsa, poti mayi anga akudwala m'nyumbamo. Ndinapita kudimba, n'kuwasiya akulira.

Pobwerera ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu, pafupi ndi nyumba yanga. Nonse mukudziwa tanthauzo lake.

Pabwalo panali patadzaza azimayi, ena atayamba kale kubuma. Amalume anandigwira malaya.

“Iwe, mlongo wanga watisiya, ine n'kumvera pa sipika?”

Ndinathamangira m'nyumba. Mayi anali moyo, maso ali tong'o, akunjenjemera pamphasa.

“Mwananga, akulira ndani panjapo? Kodi ndi ine?”

Ndinazimitsa masipika. Ndinafotokoza. Palibe anaseka. Anthu akubalalika ndinamva mawu kumbuyo kwanga: “Katundu watsopano, mayi ali pamphasa, nyimbo za maliro zayamba kale. Wakhwimira ameneyu.”

Sindinacheuke. Ndinaopa kuona nkhope ya wonenayo.

Abale anga, kale uthenga wa maliro unkabwera ndi munthu. Ankagwada, n'kunena dzina la womwalirayo. Lero sipika ikangolira, mafoni agwira moto. Wina wathyola kale masamba, wina waimbira abale a ku Malingunde. Chitseko chinali chotsegula tsiku lija. Analowa ndani kukaona?

Kulira pachabe ndingakupirire. Chondidetsa nkhawa ndi mawu aja. Kwathu kuno munthu akagula kanthu katsopano kwinaku m'bale wake akudwala, mlandu amakhala atauluza kale: akuti akufuna kupha m'baleyo kuti alemere. Mawu otere amayamba monong'ona, amathera pa miyala ndi moto padenga. Inu amene mumawanena muli pachitsime, chaona mnzako chapita, mawa chili pa inu.

Eni ukwati wa Loweruka, amene anafuna kubwereka masipikawa, andibweza. Akuti apeza masipika ena.

Anga ali m'thumba kuseri kwa chitseko, osafewa. Mayi sakudya chiyambire tsiku lija. Akuti anamva maliro awo ndi makutu awo.

Ndimawagwira dzanja m'mawa uliwonse kuona ngati likutentha. Akatisiya mwezi uno, ndani mwa inu adzavomere kuti ndinkangofewetsa masipika?