Khofi Wozizira wa kwa Amake Nidal

Mumsewu mwathu muno mu Zarqa madzi amabwera Lachiwiri lokha. Tsiku limenelo musayerekeze kukacheza kwa Amake Nidal, aneba anga. Mukawapeza padenga akumvetsera thanki ikudzaza, ndipo moni wanu adzayankha mawa.

Mayiwa anakulira kumudzi kufupi ndi Ma'an, kotunga madzi pabulu. Ali kamtsikana anaswa mtsuko pakhomo penipeni, nalira mpaka maso kutupa. Koma pamalo ponyowapo panamera mavwende, banja lonse n'kudya mosangalala. Kuyambira pamenepo amati madzi safa, amangofuna ntchito ina. Otsukira mpunga amamwetsa mtengo wa mandimu, ochapira amakolopera, okolopera amathira kuchimbudzi. Ife timawaseka, koma mandimuwo timapempha tonse, manyazi tilibe.

Tsoka linagwera Tamer, mnyamata amene ankafuna mwana wawo Rula. Lachiwiri lina mayiwa ali padenga anamuona akutsuka galimoto ndi paipi, madzi akuyenderera mumsewu ngati alibe mwini. Anatsika mtima uli m'mwamba, nauza amuna awo kuti ameneyo m'banja lawo salowamo. Rula analira, inenso ndinachonderera, koma kunali kulankhula ndi mwala.

Tsiku lofunsira mbeta, akuluakulu a kwa Tamer anadzaza bwalo. Amalume ake anaika pansi kapu ya khofi amene anapatsidwa, osamwa, monga mwa mwambo, mpaka pempho litavomerezedwa. Abambo a Rula ankangoyang'ana khomo la kukhitchini, kumene kunali mwini nkhani weniweni. Khofi anazizira, bambowo thukuta lili kamukamu. Ine ndinamva chisoni ndi Rula, amene anandigwira dzanja mpaka kundipweteka.

Kenako Tamer anaimirira. Anatolera matambula a madzi amene alendo anasiya theka, nakathira pamtengo wa mandimu pang'onopang'ono. Amake Nidal anatuluka, manja ali m'chiuno.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi, iwe wapaipi?"

"Rula, azakhali. Paipi ija ndinaisiya. Galimoto ikusamba ndi ndowa."

"Ndowa yonse?"

"Theka, azakhali."

"Bodza limenelo," anatero mayiwa, uku akubisa kumwetulira. "Koma wathira patsinde, osati pamasamba."

Pomwepo mayiwa anaimba nthungululu yomwe inamveka mpaka kumsika, ife akazi tonse n'kulandira. Abambo a Rula anapumira m'mwamba, nauza alendo kuti amwe khofi wawo, mwana apatsidwa. Rula anaseka misozi ili mbwembwembwe.

Nidal, mlongo wake wa Rula, anathamanga kutola kapu ija kuti akataye, abweretse khofi wotentha woyenera alendo aulemu. Amake anamugwira mkono asanafike patali.

"Amwe yemweyo," anatero. "Muli madzi anga m'menemo."

Amalume a Tamer anakwinya nkhope, nagugudiza khofi wozizirayo mpaka kapu kuuma.