Mtsikana wa pa Hatchi ndi Amayi Anga

Linali Lachisanu la kumapeto kwa Meyi. Ndinali nditakhala pamkeka m'chipinda chathu ku Nuaija, kudziko la Aluya, kuseri kwa nyumba yaikulu imene amayi ankagwirako ntchito. Ababa ankayendetsa galimoto ya pakhomo pomwepo. Kunja kunkatentha moti ngakhale amphaka anabisala. Aphunzitsi a mbiri yakale anali atatiuza kuti tionere mafilimu awiri onena za mtsikana wa ku Falansa wa makedzana, amene anatsogolera asilikali kunkhondo, kenako adani n'kumuwotcha, ndipo pambuyo pake Akhristu anamutcha woyera.

Masiku amenewo m'nyumba munali nkhani imodzi. Azakhali a ku Zomba anali atanena kuti ndikhoza kukakhala nawo n'kumaphunzira sekondale kumeneko, ndipo ankadikira yankho. Ine ndinkafunitsitsa kupita. Koma ababa akandifunsa, ndinkayang'ana nkhope ya amayi n'kuyankha kuti, "Zili kwa inu."

Ababa atabwerako kumzikiti anandipeza ndikuonera filimu yoyamba, n'kukhala pambali panga. Chifalansa sachidziwa, komabe anayamba kumasulira ngati anyamata omasulira mafilimu kwathu aja.

"Apa mfumu ikuti, mwana iwe, wadya? Iye akuti, bwana, yala, fulumirani, ndipatseni hatchi, za chakudya tikambirana pobwera."

Amayi ankasita yunifolomu yanga. Anaseka mpaka anaimika simbi. "Inu abambo ake, musamunamize mwanayu, akalephera mayeso."

Filimu yoyamba inali ya phokoso, matope ndi malupanga, mtsikanayo akukalipira amuna a ndevu. Yachiwiri inali yakale, yopanda mitundu, yopandanso mawu. Inkangoonetsa nkhope. Oweruza anamuzungulira, anamumeta mpala, iye akulira koma akuyankhabe. Apa nthabwala za ababa zinatha. Ndinayamba kuwerenga ndekha mawu amene ankalembedwa pa filimupo n'kumawamasulira chapansipansi.

Amayi anasendera pafupi. "Amayi ake ali kuti?"

"Sakuwaonetsa," ndinayankha.

"Ndiye anamulola bwanji kuchoka pakhomo, mwana wamng'ono chonchi?"

"Mwina sanatsanzike," anatero ababa.

Amayi anayankha kuti, "Chopweteka n'chimenecho. Akanawauza. Mayi amalira, inde, koma zimene mwana wake akufuna amafuna azimve pakamwa pa mwanayo, osati kwa anthu apanjira."

Sanandiyang'ane. Anabwerera pa simbi paja n'kuyamba kusita kolala imene anali atasita kale.

Filimu inatha ine ndisakuionanso bwino. Onse amene anajambula mbiri ya mtsikanayu anasamala za nkhondo ndi moto. M'mawa umene anatuluka pakhomo pa amayi ake, ndi zimene ananena kapena kubisa, palibe anationetsa. Ine ndinkaganiza kuti kukhala chete kwanga kukuwasungira amayi mtima. Sindinaganizepo kuti mwina akudziwa kale, ndipo akungodikira kuti ndiwakhulupirire.

Madzulo ake, iwo atapita kukakonza chakudya kunyumba yaikulu, ndinatenga buku limene ndimalembamo za tsiku lililonse. Za homuweki sindinalembe kanthu. Ndinalemba kuti mawa tikangomaliza swala, pemphero lathu la m'mawa, amayi asanavale epuloni, ndiwagwira dzanja ndi kuwauza ndekha, ababa asanafunsenso, kuti ndikufuna kupita ku Zomba.