Mtedza wa a Kalekeni

A Kalekeni Mbewe a ku Kapelula alima fodya wa bale zaka makumi anayi, ndipo manja awo sabisa: zikhadabo zakuda ndi utomoni, zikhatho zong'aluka. Munthu wake ngwa mtima wapachala. Ku okushoni anakanganapo ndi ogula, ndipo mlamu wawo salankhula naye mpaka lero chifukwa cha chigafa chimene chinagwa. Koma mwana wawo Fainala yekha sankamukwezera mawu. Anamuphunzitsa ndi fodya yemweyo mpaka unamwino, ndipo atapeza ntchito ku Ayalandi, bambowo ankangouza aliyense kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Chaka chatha Fainala anawatumizira tikiti kuti akamuone.

Atafika kumeneko, sabata yachiwiri Fainala anawatengera ku chakudya chamadzulo kwa mnzake wa kuntchito, Angelina wa ku Brazil. Patebulo panalinso anamwino a ku Poland ndi ku Philippines, aliyense akubwebweta chakwawo ndi mnzake, kenako n'kukumana pa Chingerezi. A Kalekeni anali m'jekete lawo la kutchalitchi, akulimbana ndi foloko. Madzi osamba m'manja sanapatsidwe. Zinawanyansa, koma anameza.

Angelina anawafunsa kanthu, Fainala n'kumasulira. "Akuti mumalima chiyani, bambo?"

"Uwauze. Fodya wa bale, maekala asanu."

Fainala anayankha m'Chingerezi akumwetulira, onse n'kugwedeza mitu mosangalala. Komatu mwanayo anaiwala chinthu chimodzi. Chingerezi cha patebulo bambo ake sachidziwa, koma cha kumunda amachidziwa bwino. Dzina la fodya amalimva chaka ndi chaka ku okushoni, ndipo silinatuluke. Limene linatuluka ndi lija limalembedwa pa matumba a mbewu ya mtedza.

"Wati ndimalima chiyani?"

"Idyani, bambo."

"Ndikufunsa iwe."

Fainala anatsitsa mawu. "Mwamuna wa Angelina anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Ankasuta. Chithunzi chili pakhomacho n'chake. Ndinawauza kalekale kuti mumalima mtedza."

Kalekale! Ndiye kuti zaka zonsezi mwanayu ankayenda ndi bambo wina wake wongopeka. A Kalekeni anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Anaika foloko pansi, n'kutambasula manja onse awiri pa nsalu yoyera ya patebulo, n'kutchula okha dzina la fodya m'Chingerezi, akudziguguda pachifuwa.

Kenako Angelina anaimirira, nkhope itafiira, n'kuyamba kukalipa m'chinenero chakwawo, n'kumalizira m'Chingerezi, chala chili pa chithunzi chija.

"Masulira," anatero a Kalekeni.

"Akuti manja ngati anuwa ndi amene anapha mwamuna wawo."

"Uwauze kuti pepani ndi malirowo. Uwauze kuti ine ndine mkulu wa mpingo, ndudu sindinaikepo pakamwa. Uwauzenso kuti manja omwewa ndi amene anasoka fodya mpaka iwe kudziwa kubaya jakisoni odwala akunowa. Unene zonse, osasiyako."

Fainala anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana anzake amene mawa adzagwira nawo ntchito. Anatsegula pakamwa. Mawu a bambo ake anali ataliatali, koma ake anatha asanapume n'komwe. Anangonena za pepani zija basi.

A Kalekeni anatenga chipewa chawo. Fainala anawapeza pakhomo akulimbana ndi loko.

"Bambo, mwandichititsa manyazi."

"Bwerera ukadye, mwana wa mlimi wa mtedza. Bambo akowo ine sindiwadziwa."

Anatuluka n'kukaima m'mphepete mwa msewu, mphepo ikuwalowa m'jekete. Basi yokwera sankaidziwa, ngakhale dzina la msewu wa kunyumba kwa mwana wawo. Anadikira kuti chitseko chija chitsegukenso. M'katimo mafoloko anayambanso kulira m'mbale.