Injini ya Amalume m'Kagalimoto ka Abambo

Pakhonde pathu ku Kawale panali mpando wa galimoto. Kale unali wofiira, koma dzuwa linauwaula mpaka unkaoneka ngati njerwa yosapsa bwino, ndipo pakati pake panali pong'ambika pomwe siponji yachikasu inkatulukira. Masana unkawotcha m'ntchafu, ndipo unkanunkha fumbi ndi makoswe. Abambo anauzula m'kagalimoto kakale komwe anabwera nako pakhomo chaka chimene ndinali Sitandade 6, chilimwe chomwe amalume anadulidwa mwendo.

Amalumewo anali mlongo wawo wa amayi. Anachoka ku Ntcheu kudzachita kabaza wa njinga yamoto, nthawi imene njingazi zinali zitangoyamba kuchuluka m'tauni. Minibasi inawagunda pamphambano ina, mwendo wakumanja unaphwanyika, ndipo kuchipatala anaudula m'munsi mwa bondo. Njinga inapindika yonse, koma injini inapulumuka. Atatuluka m'chipatala anagona pamphasa pabalaza pathu, nkhope itayang'ana kukhoma. Ndodo zoyendera zinakhala pomwe amayi anaziimika. Chakudya ankangochilawa. Anzawo a kabaza anabwera masiku oyambirira, kenako anasiya, poti munthu wake sankayankha.

Abambo ankakonza magalimoto pagalaja ina ku Biwi, ndipo sanali munthu wa mawu ambiri. Loweruka lina anafika ndi lole ikukoka kagalimoto kakang'ono kamsana wozungulira, ka mtundu womwe sunkaonekanso pamsewu. Mwini wake anali atamwalira kalekale, injini yake inali yakufa, ndipo eni galaja anali atatopa nako. Amayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno n'kufunsa kuti zovala aziyanika pati tsopano. Abambo anangowadutsa, n'kukaima pafupi ndi mphasa ija.

"Alamu, injini yanu ija ndikufuna ndiyiike m'kagalimoto aka. Koma za njinga sindizidziwa bwino. Mundithandize."

Amalume sanatembenuke n'komwe.

Abambo anayamba okha. Anachotsa injini yakufa ija, anazula mipando yakumbuyo, n'kuika injini ya njinga pathabwa pansi pa zenera la pabalaza. Akaweruka ankaitchaya kuti ilire, iyo inkangotsokomola n'kuzima. Anachita zimenezi madzulo angapo, mpaka ife tonse mitu inkawawa. Tsiku lina mawu anatulukira pazenera paja, osasa ngati a munthu wodwala chifuwa, akuti injiniyo ikumwa petulo wambiri ndipo abambo asiye kuizunza. Anali mawu oyamba omveka a amalume chibwerereni kuchipatala. Abambo anafunsa kuti agwire pati. Anawafotokozera, koma iwo anagwira pena. Mapeto ake amalume anadzikhwekhwereza mpaka pakhonde, akutukwana chapansipansi, n'kudziponya pampando wofiira uja.

Ine ndinachita manyazi tsiku limenelo. Kusukulu ndinkadzitama kuti abambo anga amakonza malole, ndiye apa ankalephera kanjinga.

Zomwe ndimakumbukira kwambiri za miyezi imeneyo ndi kutopa. Kunkatentha moti malata ankachita kulira. Pabwalo panada ndi oyilo, ndipo ngakhale ndisese bwanji, mapazi athu ankalowetsa zakudazo m'nyumba. Madzi omwe ndinkasenza kuchokera kukiyosiki ankathera kutsuka zitsulo. Amayi ankachapa maovolosi mpaka zala kusupuka, akudandaula kuti m'nyumba mwawo mwasanduka galaja, kuti ngakhale tiyi akumveka petulo. Abambo ankachoka ku Biwi atatheratu, n'kulowanso pansi pa kagalimotoko mpaka dzuwa kulowa. Kangapo konse ndinawaona akusinza mbale ili pamwendo.

Ntchito yake inali yosatha. Injini anaikhazika kumbuyo, n'kuilumikiza ndi matayala pogwiritsa ntchito tcheni. Tchenicho chinkaduka. Wowotcherera zitsulo akabwera, magetsi ankathima, ndiye ankakhala n'kumwa thobwa la amayi mpaka kubwerera. Injini ya njinga imazizira ndi mphepo, koma m'kati mwa galimoto munalibe mphepo, choncho anaboola mabowo m'mbali kagalimoto konse n'kuoneka ngati sefa. Popeza amalume analibe phazi lopondera, zonse anazisamutsira m'manja: mafuta, klachi ndi buleki. Anthu odutsa ankaima pampanda n'kumaseka. Mnansi wathu wina, bambo wa ku Rumphi, ankafunsa mwaulemu tsiku lililonse kuti ndege yathu inyamuka liti.

Pa chilichonse abambo ankafunsa alamu awo. Amalume ankajambula pansi ndi kamtengo, kufufuta ndi dzanja, kujambulanso. Kuti aone mbali ina ya galimoto anayamba kugwira ndodo zija. Pambuyo pake anayamba kufika nazo kumsika kukasaka mabawuti, chifukwa omwe abambo ankabweretsa nthawi zonse ankakhala osalingana. Ankabwerako thukuta lili kamukamu, m'khwapa mutatupa, n'kudya ngati munthu wochoka kumunda.

Kumapeto kwa Okutobala injini inalira bwinobwino, ndipo matayala anazungulira galimoto ili pa njerwa. Amalume anati mawa ilowa mumsewu. M'mawa mwake ndinalawirira kukatunga madzi, ndipo nditatuluka ndi ndowa ndinapeza abambo atawerama painjini. Anazula kawaya kena, anakapinda n'kukaika m'thumba la malaya, n'kubwezeretsa chotsekera. Atadzuka anandiona. Sanadzidzimuke. Anangoti ndifulumire, kukiyosiki kudzaza anthu.

Tsiku limenelo injini inakana. Amalume anaifufuza masiku ambiri, abambo ali pambali kukanda mutu. Atapeza vutolo, panatuluka lina. Ine ndinkadziwa komwe mavutowo ankachokera, ndipo mumtima munkandiwawa. Ndinakawauza amayi akuchapa kuseri kwa nyumba. Sanadzutse mutu.

"Waona chiyani iwe? Maso akowo aziona za kusukulu."

Ndinachokapo ndikuganiza kuti onse awiri akuwachita chipongwe munthu wolumala. Ndinaganiza kuti abambo sakufuna kuti galimotoyo ikhale ya amalume, kuti akuiumirira. Mwana akamaweruza sasiya mpata, ndipo ine ndinaweruza. Abambowo ndinkawapatsa madzi osamba m'manja ndikuyang'ana kumbali.

Pamene izi zinkachitika, anyamata a kabaza anayambanso kubwera. Wina anadzangoona kagalimoto kotchukako, n'kutchulako kuti njinga yake ikulira zachilendo. Amalume anamvetsera, anaitanitsa sipanala. Sabata yotsatira panabwera ena. Mvula yoyamba isanagwe, pakhomo pathu pankaima njinga m'mawa uliwonse, ndipo amalume ankakalipira eni ake chifukwa chosasintha oyilo. Kuyambira pamenepo kagalimoto kaja kanasiya kutulutsa mavuto atsopano. Ine sindinaone kugwirizana kwake.

Kanalowa mumsewu Lamulungu lina la mu Disembala, titachoka kutchalitchi. Amalume ndiwo anali pachiwongolero. Kankayenda liwiro la munthu wothamanga, phokoso lake ngati chigayo, utsi uli tolotolo m'kati. Pokhota panali matope, kanatitimira, ndipo pamenepo anthu onse anadziwa kuti injini ya njinga ilibe giya yobwerera m'mbuyo. Ana a m'dera lonse tinakankha, matope mpaka m'mawondo. Amalume ankaseka mutu uli pazenera, akutilamula ngati kondakitala.

Sikanayende maulendo ambiri. Kakanyamula anthu awiri kankalephera chitunda, ndipo petulo kankamwa ngati galimoto yeniyeni. Chaka chotsatira amalume anasamukira ku Kaliyeka, komwe anamanga kashedi kokonzera njinga, ndipo alipobe mpaka lero. Injini anapita nayo. Chigoba chinatsala pabwalo, nkhuku zinkaikiramo mazira, mpaka ogula zitsulo zakale anadzachinyamula. Ndine wamkulu tsopano, ndipo nkhani ya kawaya kaja ndinawafunsapo amalume. Anapitiriza kumanga bawuti yomwe anali nayo, n'kunena kuti iwo anadziwa kuti abambo akuchita dala kuyambira tsiku lachiwiri lomwe analephera kuiliza injiniyo pansi pa zenera paja, poti makaniko wa malole sangalephere kanjinga. Anati anangokhala chete chifukwa nawonso ankaopa tsiku lomwe ntchitoyo idzathe.

Madzulo a Lamulungu lija, anthu akadali kunja kuzungulira kagalimotoko, abambo sanapite nawo. Anakhala pasitepe, nsapato zili pambali, manja atawagwetsa pakati pa miyendo. Amayi anabwera ndi beseni la madzi ofunda, sopo ndi mchenga, anagwada, n'kuyamba kuwasambitsa manjawo okha, chala chimodzichimodzi, ife ana tikuona. Zimenezi ndinali ndisanazionepo m'nyumba mwathu. Madzi anada, amayi anakawataya n'kubwera ndi ena.

Ine ndinaima pakhomo matope akuuma m'miyendo, nditakwiya. Sindinkamvetsa kuti munthu yemwe anadandaula chilimwe chonse angagwadire bwanji munthu yemwe ndinamuona ndi maso anga akuba kawaya.