Kachitsulo ka Kukamwa kwa Mfuti ya Atate

Kachitsuloko kanali kakuda, kafupi ngati chala chachikulu, koma kolemera kuposa mmene kankaonekera. Kankakhala kumapeto kwa mpope wa mfuti ya atate, pomwe chipolopolo chimatulukira. Mfutiyo atate anapatsidwa ndi mzungu wa zankhalango yemwe ankagwira naye ntchito m'mapaini a Phiri la Dedza. Asanabwerere kwawo, mzunguyo anakhala ndi atate akupotokola kachitsuloko pang'onopang'ono ndi kuwombera chitsa, mpaka zipolopolo zinayamba kugwera malo amodzi. "Maso a mfuti iyi ali apa," atate ankatero, ndipo ife ana sitinkaloledwa kukhudzapo.

Munda wathu waukulu unali m'mphepete mwa nkhalango, njira ya anyani. Chimanga chikayamba kukhwima, atate ankagwetsa nyani mmodzi wamkulu ali kutsidya kwa chigwa, ndipo gulu lonse linkasamuka mpaka tikolole.

Atate anamwalira m'nyengo yozizira, zipani zitangochuluka m'dziko. Ndikukumbuka amuna pamaliro akunong'onezana za mavoti, manja ali m'khwapa, nkhungu itaphimba manda. Amayi anali olowoledwa, ochokera ku Kaphuka. Titameta, bambo aang'ono, mng'ono wawo wa atate, anakhala pampando wa malemu n'kuyamba kutchula: njinga, wailesi, malata omwe anali asanakhomedwe, munda wa kuphiri, mfuti. "Alamu, ng'ombe zathu zinapita kwanu," anatero. "Zonse za m'nyumba muno ndi za mtundu." Anatisiyira kadimba ka kudambo, poti ankati kulima dimba ndi ntchito ya akazi.

Amayi sanalire. Anangoyang'ana malatawo akutuluka pakhomo.

Mfuti yokha inatsala masiku angapo. Bambo aang'ono ankaopa kuigwira isanasambitsidwe ndi mankhwala, kuti dzanja la wakufa lichokepo. Ankapemphera nafe ku Bembeke Lamulungu lililonse, koma pa zimenezi sankachita masewera. Sindiwaseka. Ndaona anthu opemphera kuposa iwo akuopa zinthu zazing'ono kuposa apa.

M'masiku amenewo ndi momwe amalume anafika kuchokera ku Kaphuka, ndi kathumba ka zitsulo zokonzera njinga. Dzuwa lili pamutu, tinapita kuseri kwa khola la mbuzi. Amayi anandikhazika pa thabwa la mfuti kuti isagwedezeke. Kachitsuloko kanali katagwira dzimbiri. Amalume anadonthezera parafini, anakulunga chubu chakale cha njinga kuti sipanala isasiye zipsera, n'kuyamba kukoka. Fungo la parafini ndi ndowe za mbuzi ndimalimvabe mpaka lero.

"Mlongo wanga, nanga munthu akavulala?" amalume anafunsa.

"Savulala," amayi anatero. "Azingophonya."

Kenaka kanalira ngati khoswe, kanatembenuka, kanagwera m'dzanja la amalume. Pomwe kanachokapo panatsala mizere yonyezimira. Amayi anasakaniza mwaye wa kunsi kwa mphika ndi girisi, anapaka ndi chala chawo mpaka panada bii. Madzulo ake anakakankhira kachitsuloko m'matope a kudambo ndi chidendene. Kwa ine anangoti, "Iwe sunaone kanthu."

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Chimanga cha m'munda wa kuphiri chinakula kuposa munthu, ndipo anyani anatsika. Ife tili m'dimba tinkamva mfuti ikulira, phiri n'kuyankha. Amayi ankaimika khasu, n'kutchera khutu. Pakapita kanthawi, nyani wamkulu ankauwa pamwamba pa thanthwe, wamoyo, ngati akufunsa kuti ndani uyo. Apo amayi ankamwetulira. Chimwalirireni atate, kumwetulira kwawo kunali kokhako. Ine ndinkasangalala nawo, ndipo sindinganame, kunkakoma.

Anyani si opusa. Atazindikira kuti mfutiyo ndi phokoso chabe, ankalowa m'munda bambo aang'ono ali pomwepo, kuthyola chisononkho, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Kusukulu anzanga ankanditonza kuti, "Bambo ako aang'ono akusaka mitambo." Akuluakulu ankati malemu akukaniza mfuti yawo. Bambo aang'ono anaisambitsanso kwa sing'anga wina, ndipo mbuzi yawo inapita.

Tsiku lina anafika pakhomo pathu, maso ali ofiira ndi kulondera. "Alamu, kodi mfutiyi inalibe kamphete kumapeto kuno?"

Amayi anagwada mwaulemu wonse. "Ine ndine mkazi, alamu, za mfuti ndingazidziwe bwanji? Paja zonse ndi za mtundu. Funsani mtundu."

Bambo aang'ono anakolola mapesi. Ife kadimba kaja kanatipatsa kachewere wambiri, amayi n'kumagulitsa pamsewu ndi kugula chimanga. Miyezi ya njala itafika, ana a bambo aang'ono, omwe ndinkasewera nawo mpira wachikulunga, anayamba kugona m'kalasi. Wamng'ono kwambiri tsitsi linafiira. Apa ndi pomwe mtima wanga umaima ndikamakumbukira, chifukwa mwanayo sanatenge malata a munthu. Ine ndaika mkazi wanga m'manda, ndikudziwa zomwe chisoni chimachita ndi munthu, choncho sindifulumira kuweruza amayi. Ndimangowatchula onse awiri m'pemphero limodzi, iwo ndi bambo aang'ono.

Lamulungu lina titatuluka Misa, amayi anadzaza dengu ndi kachewere, pamwamba n'kuikapo kathumba ka ufa. Sanadzere njira yachidule ya kuseri. Anadzera pamsewu, pomwe anthu ochokera kutchalitchi anali ambiri, ine ndikuwatsata. Pakhomo pa bambo aang'ono anatula dengulo, anagwada, n'kuyankhula mokweza kuti onse amve: "Alamu, ana asagone ndi njala. Izi ndi za m'kadimba kaja munatisiyira."

Bambo aang'ono anayang'ana dengulo. Ana awo anali atagwira kale m'mphepete mwa dengu. Potsiriza anawerama, anaomba m'manja pamaso pa mudzi wonse, n'kunena kuti, "Zikomo, alamu." Amayi anadikira mpaka anenenso kachiwiri.

Mawa lake aphunzitsi anatiuza m'kalasi kuti kukhululuka kwenikweni ndi kumene anachita amayi anga, ndipo ine ndinakhala mowongoka pabenchi, ndikunyada. Ndinkaganiza kuti mkwiyo wa amayi unathera pa anyani, kuti dengu lija linali mtendere. Chomwe chinkandizunguza chinali chimodzi: mwezi wonsewo amayi ankapita ndi dengu Lamulungu lililonse, podzera pamsewu, ndipo bambo aang'ono akangowaona patali ankalowa m'nyumba ngati munthu wothawa chikwapu. Ndinkadzifunsa kuti munthu angaope bwanji chakudya.