iPhone Yobwereka Inafuna Kundichotsa pa Mzere wa Ukwati

"Ndiye tivine apoziyo? Iwe Limbani, ndikufunsa iwe, tivine apozi wolumidwayo?"

Amenewotu ndi achemwali anga a Thoko, Lachinayi masana, pabwalo la kwa azakhali ku Chirimba. Mawu awo anamveka mpaka ku Ndirande, agalu a ku Nyambadwe n'kuyamba kuuwa m'mipanda. Ine chilili pakati pa bwalo, iPhone ili m'manja, gulu lonse lovina pa ukwati wawo likundiyang'ana ngati ndaba keke.

Musanandiweruze, dikirani ndikuuzeni bwinobwino.

Ukwati wa achemwali unali Loweruka. Ine poti ndinalemba Fomu 4 ndipo ntchito yanga pano ndi kudikira zotsatira komanso kumaliza shuga pakhomo, anandipatsa udindo wosunga nyimbo ya masitepe. Si nyimbo wamba ayi. Mkulu wina wa kompyuta ku Limbe anadula nyimbo zingapo n'kuzilumikiza, kuti apa tikulowa, apa tikutembenuka, apa anyamata akugwada. Nyimbo imeneyo dziko lonse lapansi inali malo amodzi okha: m'kamemore khadi, m'foni yanga ya Android.

Ndipo pamzere wovinawo anandiika ndi Tadala. Tadala, abale! Mtsikana woti akamwetulira, ngakhale magetsi azime mukhoza kulowetsa ulusi pa singano.

Tsono ndili ndi mnzanga wa ku Limbe, Yusufu. Achimwene ake amayendetsa thiraki ya ku Joni, ndiye anamubweretsera iPhone. Yakale ndithu, pakona n'njosweka, koma iPhone. Chiyambire tsiku limenelo ine ndi iye sitinamwerane madzi. Iye amati Android yanga ndi wailesi yovala galasi. Ine ndimati iPhone yake ndi galasi lovala mtengo wa ng'ombe.

Lachitatu mkangano unafika pachimake. Yusufu anati, "Ase, tisinthane sabata imodzi, tione amene ayambe kulira." Tinachotsa masimu khadi, tinasinthana. Kenako anandipatsa kachingwe koyera, ati ndi tchaja chake.

Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Sunga ase. Tchaja ndi tchaja. Kwathu matchaja ndi ochuluka kuposa masipuni."

Mawu amenewo muwasunge, tikumana nawo kutsogoloku.

Tsiku loyambalo ndinali bwana. Ndinazungulira m'tauni monse foni ndaigwira chotembenuza kuti ka apozi kaoneke. Ndinadzijambula pa galasi lililonse la sitolo, mpaka mlonda wina anandifunsa ngati ndikufuna kugula galasilo. Zithunzi zake, eee, ndisaname: ziphuphu zanga zinaoneka ngati zokongoletsa dala.

Koma mavuto anayamba pang'onopang'ono. Batani lobwerera m'mbuyo kulibe. Chala changa chinkangogogoda pakona pansi paja ngati mlendo pa nyumba yoti eni ake anasamuka. Malo a simu khadi ndi amodzi, ndiye laini yanga yachiwiri inagona m'thumba, yokulungidwa pa kapepala ka switi. Inu mukudziwa kuti Mmalawi wa laini imodzi ali ngati munthu wa nsapato imodzi. Ina ndi ya bandulo, ina ndi ya azakhali omwe amakana kuimbira laini ina ngati ndi tchimo.

Ndinati palibe kanthu, ulemerero uli ndi zowawa zake.

Lachinayi ndiye tsiku lomaliza lokonzekera masitepe. Sipika ili pampando, anthu aima pamzere, Tadala wamanga chitenje m'chiuno. Achemwali anati, "Limbani, ika nyimbo." Ndinatulutsa iPhone mwa sitayilo. Kenako mtima unati phwii! Kamemore khadi kaja kali m'Android, Android ili m'thumba mwa Yusufu, Yusufu ali ku Limbe. Ndipo ngakhale kakanakhalapo, iPhone ilibe n'kabowo komwe koti ulowetsepo memore.

"Muimbire akutumizire," anatero Tadala, mwaulemu wake.

Nditangoti ndiyang'ane nambala, foni inathima. Moto watha. Nambala ya Yusufu pamtima sindiidziwa. Ndani masiku ano amadziwa nambala pamtima? Yanga yomwe ndimachita kufunsa amayi.

"Tchaja! Ndani ali ndi tchaja?"

Abale, matchaja anatuluka. Azakhali anabweretsa atatu, aneba anabweretsa, mwana wina anathamanga n'kubwera ndi cha tochi. Cha kamwa yaing'ono, cha kamwa yozungulira, cha pini, china chomangidwa ndi selotepi chomwe chimagwira ukachipinda n'kuchitsamiritsa ku Baibulo. Chirimba yense anapereka chimene anali nacho. iPhone inakana zonse, ngati mwana wa ku Nyambadwe amene wapatsidwa bonya.

Ndi pamenepo achemwali anafunsa za kuvina apozi zija. Kenako analoza phiri la Michiru.

"Dzuwa likakhudza phiri ilo usanabwere ndi nyimbo, suvina. Mavuto alowa m'malo mwako, avina ndi Tadala, ngakhale tiziwaombera m'manja."

Mavuto ndi msuweni wathu. Amavina ngati akupha nyerere zomwe zamulowa m'buluku. Koma anali atayamba kale kupukuta nsapato, akumwetulira mano onse panja.

"Achemwali, mukudziwa kuti ndine mlongo wanu mmodzi yekhayo?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinakumenye. Thamanga."

Ndinathamanga. Minibasi ya ku Chirimba inaima pa siteji iliyonse, ndi pena pomwe palibe siteji, kudikira amayi ena omwe anali asanayambe n'kusamba komwe. M'tauni ndinadumphira ya ku Limbe. Pa Ginnery Corner galimoto zinangoti gwa, mzere mpaka kumwamba. Ndinauza kondakitala kuti, "Akulu, banja langa likutha lisanayambe." Iye anati, "Ndiye tsikani muwuluke, bigi."

M'minibasimo ndi momwe ndinaganiza zomwe ndikufuna ndikuuzeni lero.

Tikamakangana za mafoni timakamba za kamera, za kuthamanga, za ndani watchena. Koma foni mu Blantyre muno siikhala yokha. Foni yako ndi ya mtundu wonse. Tchaja chako chimagona kwa aneba. Nyimbo sitigula, timapemphana: "Ndiponyere pa bulutufu." Filimu imodzi imayenda kuchoka ku Bangwe kukafika ku Chilomoni popanda aliyense kugula bandulo. Malume amabwereka foni yako kuti amvere mpira pa wailesi. Android inalowa m'moyo umenewu ngati mkamwini wabwino, amene amafika n'kufunsa pomwe pali khasu. iPhone ndi mlendo wa suti: wokongola, wonunkhira, koma amabwera ndi sipuni yakeyake.

Kodi ndikuti iPhone n'njoipa? Ayi. Ndikuti musanasamuke, yang'anani kaye anthu omwe mumakhala nawo. Nanga mukathima pakati pa Chirimba, akudzutsani ndani?

Yusufu ndinamupeza mu shopu ya bambo ake, momwe amagulitsa nsalu ndi zosokera. Munthu uja amanyoza Android uja anali atatsamira pa mpukutu wa nsalu, mahedifoni m'makutu, akumvera wailesi pa foni yanga, akugwedeza mutu. Malaini awiri onse ali mkati, akuoneka wonenepa kale.

"Wabwera kudzalira?" anandifunsa.

"Nyimbo ya masitepe, ase! Ndiponso bweretsa kachingwe kaja."

"Kachingwe kati? Si paja kwanu matchaja ndi ochuluka kuposa masipuni?"

Atandiseka mokwanira, anatulutsa kachingweko. Tinaika iPhone pa moto, inadzuka. Tinayatsa bulutufu uku ndi uku kuti andiponyere nyimboyo. Mafoni awiri ali pa tebulo limodzi, mapewa kugundana, koma osalankhulana, ngati akazi a mitala pa maliro. Tinati titumize pa intaneti. Iye bandulo alibe, ine yanga inathera pa zithunzi za pagalasi zija.

Bambo ake a Yusufu ankatiyang'ana pamwamba pa magalasi awo, akuyeza nsalu ya kasitomala. "Kodi inu anyamata, sipika yanuyo ilibe polowetsa memore?"

Sipika ija ili napodi. Ndi pomwe ndimaona tsiku lililonse.

Yusufu anatenga pini pa shelefu, anatokosa foni yanga, kamemore kanatuluka. Kanthu kochepa ngati chikhadabo cha khanda, koma ndinakanyamula ngati dzira la golide. Ndinati, "Ase, basi ingondibwezera foni yanga." Iye anati, "Sabata sinathe. Ukufuna ulembe kuti walira?" Sindinalembe. Ndinatenga kachingwe n'kuliyatsa liwiro.

Ndikufika ku Chirimba dzuwa linali litatsala kachala kamodzi kuti likhudze Michiru. Mavuto anali ataima kale pambali pa Tadala, akumuphunzitsa zopha nyerere zija. Ndinalowetsa memore mu sipika, nyimbo inaphulika, azakhali analulutira. Achemwali anangoti, "Mavuto, bwerera ukasunge zikwama." Koma diso lomwe anandiponyera ine likundiwotchabe kumsana mpaka lero.

Tsono imvani zomwe inachita iPhone ija. Tinaipatsa azakhali kuti atijambule tikuvina. Vidiyo yake, abale, fumbi la pa Chirimba linaoneka ngati utsi wa pa siteji. Ine ndinaoneka wamtali. Tadala ataiona anati, "Iii, koma ndiye yatuluka bwino! Undiponyere pa bulutufu."

Ndinapuma kaye. Ndinayang'ana kumwamba. Ndinathokoza aliyense amene anapanga foni yamwano imeneyi.

"Pepa Tadala, foni iyi bulutufu yake siponya ku Android. Pokhapokha undipatse nambala yako, ndikutumizira ndikagula bandulo."

Miyezi yonseyi ndili ndi Android ndakhala ndikumuponyera nyimbo ulele, nambala osaiona. iPhone tsiku limodzi lokha, nambala ili m'manja.

Loweruka tinavina mpaka holo inapendekeka, Mavuto akulondera zikwama mokhulupirika. Ndiye mukandifunsa kuti yabwino ndi iti, ndikuyankhani chiyani? Ina inapulumutsa ukwati wa achemwali, ina mwina yayambitsa wanga.

Lamulungu ndinaika chithunzi changa ndi Tadala pa intaneti, n'kulemba kuti: "Ndasamuka. Za Android musandiuzenso. iPhone mpaka kale!"

Sipanathe mphindi, Yusufu anayankha pansi pake, pagulu, achemwali ndi Tadala yemwe akuwerenga:

"Zabwino zonse, bwana wosamuka. Koma nambala ya Tadalayo waisunga m'foni ya ndani? Lachitatu ndikubwera kudzatenga, ndi kachingwe komwe."